Kodi thanki yoziziritsira mkaka ingakhwimitse mowa wa lager?

WaKuDedza:

Akuluakulu, paja safunsa anadya phula. Ndisanatulutse ndalama ndati ndimve kaye kwa inu amene munagwirapo mathanki ndi manja anu.

Ndili ndi kamalo kogona alendo kunja pang'ono kwa tauni ya Dedza, ndipo kuseri kwa khitchini ndimafulula mowa wa balere umene timagulitsa pa bala yathu yomweyo. Si wambiri ayi. Ndili ndi mapoto awiri akuluakulu a stainless, ndipo ndikaphika ndimatulutsa malita 150. Chimera cha balere, hops (maluwa opatsa mowa kuwawa ndi fungo) ndi yisiti amandibweretsera mlamu wanga woyendetsa thiraki akamachokera ku Joni. Mpaka pano ndakhala ndikupanga ale, mowa wowira mofundako, osati lager amene amawira ndi kukhwima mozizira, chifukwa yisiti ya ale ilibe matukutuku, imawira bwino pa madigiri 18 mpaka 20, ndipo chipinda changa chimakhala pamenepo nthawi zambiri, kupatula Okutobala ndi Novembala pamene migolo ndimaikulunga ndi masaka onyowa.

Alendo odutsa opita kunyanja amaukonda mowawu. Koma anthu akwathu, aphunzitsi, anamwino, a ku boma amene amabwera Lachisanu madzulo, amalawa mwaulemu kenako n'kuitanitsa Green. Mmodzi anandiuza mosapsatira kuti, "Achimwene, mowa wanuwu ndi wolemera komanso ndi wambuu. Ife tinazolowera woti uziona chala kuseri kwa tambula." Ndipo ndi anthu amenewa amene amabwera sabata ndi sabata, mvula kapena dzuwa. Ndikufuna ndiwapangire lager woyera, wopepuka, woti akamwa anene kuti wafululidwa pa Dedza pompano.

Mu Juni ndinayesa, kudalira chisanu chathu chino. Ndinagwiritsa ntchito yisiti youma ya W-34/70. Unawira bwinobwino, thovu litatsika ndinauthira m'zigubu n'kuuika mu firiji. Zotsatira zake: fungo la majarini, kumkamwa kumaterera, kafungo kena ka dzira lovunda, ndiponso sunayere.

Tsopano pali njira zitatu zimene zili pamaso panga.

Gulu lina la alimi a ng'ombe za mkaka lagula thanki yaikulu ndipo likugulitsa yakale ya malita 500. Ndi ya stainless, yoboola pamwamba ndi chivundikiro chotsegula, ili ndi kompuresa yake, chotakasa chake, ndipo akuti imagwira ntchito. Mtengo wake ndingaukwanitse.

Palinso wowotcherera wina wa ku Mchesi amene ndinamuonetsa chithunzi cha mathanki ofululira mowa osongoka kunsi, akuti atha kundipangira. Mageti ndi mashelefu ake ndinawaona, ndi abwino.

Njira yachitatu ndi ya bambo anga aang'ono. Kuseri kwa nyumba kuli chitunda, ndiye akuti tikumbe chipinda chapansi m'chitundamo, timange ndi miyala, mowa uzizizira wokha popanda bilu ya magetsi.

Mafunso anga ndi awa. Thanki ya mkakayo ingagwire ntchito ya thanki yokhwimitsira lager? Mowa uyenera kukhala mozizira masabata angati, pa madigiri angati? Ndipo magetsi akathima tsiku lonse, monga zimachitikira kuno, mowa wonse uwonongeka kodi? Jenereta ndili nayo koma ndi yaing'ono, ndipo mafuta mukudziwa m'mene alili.

MayiWaMkaka:

Achimwene, za mowa sindizidziwa, ine ndine wa thobwa. Koma thanki ya mtundu umenewu ndaitsuka m'mawa ndi madzulo pa gulu lathu la alimi kuno ku Thyolo, ndiye ndikuuzeni m'mene imakhalira.

Inapangidwa kuti itsitse mkaka wofunda kufika pa madigiri 4 mwamsanga, basi. Malo ozizira ali pansi pa thanki, pamene gasi wa kompuresa amadutsa kuseri kwa chitsulo. N'chifukwa chake ili ndi chotakasa. Chotakasacho chikaima pamene kompuresa ikulira, mkaka wa pansi umaundana n'kumatirira ku chitsulo pamene wa pamwamba ukadali wofunda. Ndaziona ndi maso anga tsiku limene mota ya chotakasa inapsa. Tsono ngati mowa wanu ukufuna kukhala chete kuti nsenga zitsike, muganizire bwino, chifukwa thankiyi siidziwa kuziziritsa chinthu chokhala chete.

Chivundikiro chake chimangokhala pamwamba kuti fumbi ndi ntchentche zisalowe. Sichitseka mpweya.

Mukapita kukaiona, tengani tochi. Muyang'ane m'makona, pansi pa chotakasa, ndi m'kati mwa mpopi wotulutsira. Mukaona zoyererera zolimba zosachoka ndi chikhadabo, ndi mwala wa mkaka umenewo, sopo sauchotsa, umafuna mankhwala a asidi amene timatsukira ife. Mukaona timabowo tating'ono takuda ngati pobaya singano, dziwani kuti ankaitsuka ndi Jik, ndipo chitsulo chadyeka. Mmenemo tizilombo timabisala ndipo simungatitulutse. Imeneyo musagule ngakhale atsitse mtengo.

Komanso musangomva zoti imagwira ntchito. Auzeni athiremo madzi mpaka theka, aiyatse inu muli pomwepo, mudikire muone ngati madziwo afikadi pa 4 ndiponso ngati kompuresa ikuzima yokha ikafika pamenepo.

MadalaWopuma:

Bambo a ku Dedza, mwachita bwino kufunsa. Ine ndinakalambira m'chipinda cha mathanki pa kampani ina yaikulu yofulula mowa. Ntchito yanga inali kuyenda ndi jasi, tochi, kapu ndi buku, kutsegula kampopi kolawira pa thanki iliyonse, kununkhiza, kulawa, n'kulemba madigiri ndi presha. Mundilole nditalikitse, chifukwa nkhaniyi ndimaikonda.

Mukuganiza kuti chimene chinasowa pa mowa wanu wa mu Juni ndi thanki yozizira. Ine ndikuti ngakhale mukanakhala ndi thanki yochokera ku Germany, majarini aja akanakhalamobe. Kuzizira sikuchotsa fungo limenelo, kumangolitsekera momwemo. Dzina lake ndi diacetyl. Yisiti ikamawira imatulutsa kanthu kena kopanda fungo kamene pang'onopang'ono kamasanduka diacetyl, ndipo yisiti yomweyo, shuga akamatha, imabwerera n'kuyamba kumudya. Koma imatero ikakhala kuti ikadali yamoyo, yofundako, ndiponso ikuyandama m'mowa. Inu thovu litatsika munathamangira ku firiji. Yisiti inamva chisanu n'kugona pansi ntchito isanathe. Kutsika kwa thovu si kupsa kwa mowa.

Ndiye chitani chonchi. Ziziritsani madzi a chimera afike pa madigiri 10 musanathire yisiti, ndipo yisiti ikhale yambiri. Lager amafuna yisiti pafupifupi kuwirikiza kawiri ya ale. W-34/70 yanuyo opanga ake amati magalamu 80 mpaka 120 pa malita 100, ndiye pa malita 150 musachepere magalamu 150. Usiyeni uwire pa 10 mpaka 12. Fungo la dzira lovunda likatuluka masiku amenewa musade nkhawa, ndi khalidwe la yisiti ya lager, limachoka limodzi ndi mpweya umene ukutuluka. Hydrometer yanu yoyezera shuga wotsala m'mowa, ngati munayambira pa 1.048, ikafika cha m'ma 1.020 lekani kuziziritsa, mowa ukwere wokha mpaka 15 kapena 16, ukhale pamenepo masiku awiri, atatu, ngakhale anayi, mpaka hydrometer itaima cha m'ma 1.010 osasunthanso.

Musanauziziritse, uyeseni motere. Tungani mowa m'makapu awiri agalasi, muvundikire onse ndi kasosa. Imodzi isiyeni pa tebulo. Inayo muiimike m'poto wa madzi otentha madigiri 60 mpaka 70 kwa mphindi 15 kapena 20, kenako muizizire m'madzi ozizira mpaka zifanane ndi inzake. Vundukulani, zunguzani pang'ono, ikani mphuno. Kutenthako kumafulumizitsa kanthu kobisika kaja kuti kaonekere. Ngati kapu yotenthetsedwayo ikununkha majarini, mowa sunapse ngakhale kapu inayo ikuoneka yosalakwa, upatseni masiku ena. Pali anthu ena amene mphuno zawo sizimva diacetyl ngakhale pang'ono, choncho itanani mayi a kunyumba kapena wophika wanu anunkhizenso. Makapu onse awiri akafanana, pamenepo ndiye nthawi ya thanki yozizira yakwana.

Nanga thanki yozizirayo ntchito yake n'chiyani? Pa madigiri 0 mpaka 2, yisiti yotsala imatsika. Mapuloteni a m'chimera amagwirana ndi zowawa zina za m'makoko a balere ndi za hops, zimene zimachititsa mowa kuoneka wambuu ukazizira, n'kupanga timibulu timene timatsikanso pansi. Ukali wa hops umafewa, kafungo ka sulufule kamatha, ndipo mowa wozizira umamwa mpweya wambiri, thovu lake n'kukhala losalala, lokhalitsa. Ndinkakonda kwambiri kutunga pa thanki imodzimodzi sabata ndi sabata n'kuunika kapu ndi tochi. Sabata yoyamba kuwala kwa tochi kumaoneka ngati mzere wa utsi m'kati mwa mowa. Yachiwiri mzere uja wachepa. Pofika yachinayi tochi imangodutsa, ndipo mowa umanunkha buledi wofewa basi. Palibe chimene tinkathiramo masabata amenewo, tinkangosunga chisanu kuti chisasinthesinthe. Kwa mowa wa 5 peresenti ngati wanuwo, wopanda sefa, ine ndikuti masabata 4 mpaka 6. Alipo amene amapitirira: a Budvar ku České Budějovice m'dziko la Czech amasunga lager wawo masiku 90.

Kunena za chipinda chapansi cha bambo anu aang'ono, ganizolo si lopusa, ndi m'mene lager anayambira. Ku Bavaria, m'dziko la Germany, mu 1553 mfumu yawo Albrecht V inalamula kuti mowa uzifululidwa kuyambira pa 29 Sepitembala kulekeza pa 23 Epulo basi, chifukwa wa m'chilimwe unkasasa. Tsono anthu ankafulula wambiri mu Malichi n'kuusunga m'mapanga ndi m'zipinda zapansi kuti uwafikitse nyengo inayo. Ku Plzeň m'dziko la Czech, kumene Josef Groll anafulula pilsner woyamba (lager woyera) mu 1842, anakumba njira zapansi m'thanthwe zotalika pafupifupi makilomita 9, zodzaza migolo ya matabwa. Koma taonani kusiyana kwake. Pansi pa nthaka pamakhala kutentha kofanana ndi pakatikati pa nyengo zonse za chaka za dera limenelo. Ku Munich ku Bavaria zimenezi ndi cha m'ma 9. Ku Dedza, ngakhale kuli pamwamba, ndi cha m'ma 18. Ndipo ngakhale iwo 9 sinkawakwanira: m'nyengo yachisanu ankadula madzi oundana m'maiwe ndi m'mitsinje n'kuwaunjika m'zipindamo. Zinasintha m'zaka za m'ma 1870 pamene Carl von Linde anapangira kampani ya mowa ya Spaten ya ku Munich makina oziziritsira. Popanda makina amenewa, ndi yisiti yosasakanikirana imene Emil Christian Hansen anaipatula ku Carlsberg mu 1883, fakitale ya ku Blantyre ija ya mu 1968, yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark, sikanatheka m'dziko lotentha ngati lathu. Chipinda chapansi kumbani ngati mphamvu muli nazo, chidzathandiza ale wanu mu Okutobala ndipo firiji yoikidwa mmenemo siivutika kwambiri. Koma pachokha lager sichingamukhwimitse.

Thanki ya mkaka, mayi a ku Thyolo anena zoona zokhazokha. Ndiwonjezere chimodzi chimene chingakupheni. Thanki yokhwimitsira lager imatsekedwa kuti isunge mpweya, presha yake imakhala pakati pa theka la bar ndi bar imodzi. Bar imodzi imamveka yochepa, koma ndi kulemera kwa kilogalamu imodzi pa kabwalo kalikonse ka sentimita imodzi mbali zonse. Chivundikiro chozungulira cha mita imodzi m'mimba mwake chimakankhidwa ndi mphamvu ya matani pafupifupi 8. Wina akakuuzani kuti tingomanga chivundikirocho ndi mabawuti ndi labala, mukaneni. Chitsulo cha thanki ya mkaka ndi chopyapyala, sanachipangire zimenezo.

Koma musaitaye m'maganizo. Monga chowiritsira, ndi yabwino kwambiri. Ndi yotakata, yosazama, yisiti siiyenda mtunda wautali potsika, n'chifukwa chakenso mathanki akale okhwimitsira ankagonekedwa chammbali. Vuto ndi loti malita 150 mu thanki ya 500 ndi ochepa, muyenera kuphika kawiri motsatizana kuti muthiremo 300. Mowa uwirire mmenemo, upsere mmenemo, kenako upite m'chotengera chotseka chimene chinapangidwira presha.

WamaFiriji:

Madala afotokoza za mowa, ine ndilowe pa makina chifukwa ndiyo ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku.

Za kuthima kwa magetsi, mtima pansi. Malita 500 a madzi kapena mowa, kuti akwere ndi digiri imodzi yokha, pamafunika kutentha koposa theka la yuniti ya magetsi. Thanki yokutidwa bwino ndi thovu lolimba lotchinga kutentha la masentimita 5 kapena kuposa, yosatsegulidwatsegulidwa, magetsi atathima kuyambira m'mawa mpaka madzulo ikwera digiri imodzi kapena awiri basi. Mowa umene ukungogona pa 1 ukafika pa 3 sunawonongeke. Nthawi yoopsa ndi masiku oyamba akuwira, chifukwa mowa umadzitenthetsa wokha. Mutausiya osauziziritsa, kuwira konse kungaukweze ndi madigiri pafupifupi 10, ndipo ambiri mwa iwo amabwera tsiku lachiwiri mpaka lachinayi. Jenereta yanu muisungire masiku amenewo. Muonenso ngati ingathe kudzutsa kompuresa, poti podzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa ikamayenda.

Thermostat ya thanki ya mkaka inaikidwa pa 4. Mugule kakontirola ka kutentha ka STC-1000, n'kotchipa, kalumikizidwe kudzera pa contactor (switchi yoyatsa ndi kuzimitsa kompuresa) kuti muzisankha nokha 10 kapena 12. Pa madigiri amenewo, mowa ukuwira ndiponso ukudzitakasa wokha, kuundana kwa pansi sikuvuta kwenikweni, ndiye chotakasa muchichotse. Koma musayese kutsitsa mowa wokhala chete kufika pa 0 ndi chitsulo cha pansicho. Mowa wa 5 peresenti umaundana cha m'ma 2 kunsi kwa ziro, ndipo chitsulo chija chimazizira kuposa pamenepo.

Kwa malita anuwo, njira yosavuta ndi makegi (timigolo totseka tosungira mowa) a stainless a malita 50 ndi firiji yogona, yaikulu ija ya nyama, yokhala ndi kakontirola komweko koikidwa pa 1. Kegi inapangidwira presha kale. Firiji yaikulu imalowa makegi awiri kapena atatu, muyeze kaye ndi tepi musanagule. Kachingwe koyezera kutentha mukamatize pa thupi la kegi n'kukaphimba ndi kasiponji, kasalendewere m'mphepo, apo ayi kompuresa izingoyaka n'kuzima mpaka kupsa. Malo otsala mudzazemo mabotolo a madzi, amasunga chisanu magetsi akapita. Makegiwo mugule anuanu, osati a makampani amene amapezeka kuseri kwa mabala, amenewo ali ndi eni ake.

Mukadzakula n'kufika pa thanki ya jekete yoyendamo madzi ozizira, mudzagwiritse propylene glycol ya zakudya. Madzi obiriwira a mu radiator ya galimoto ndi ethylene glycol, ndi poizoni, jekete ikabooka iwo n'kudonthera m'mowa mungaphe anthu. Ndanena izi chifukwa ndakumanapo ndi anthu ofuna kuchepetsa ndalama mwa njira imeneyo.

MjoniWaKuCape:

Ulemu wanu madala, zonse mwanena ndikuvomereza, koma pa masabata 6 ndisiyane nanu pang'ono. Ndimagwira ntchito pa kampani yaing'ono yofulula mowa kuno ku Cape Town. Ife thanki ndi imodzi yomweyo, yosongoka kunsi: mowa umawira momwemo, yisiti timaitulutsira pa valavu ya pansi, timatseka kuti mpweya wa kumapeto kwa kuwira utsalire m'mowa, kenako timatsitsa pa 0. W-34/70 ndi yisiti yopirira, ngakhale pa 14 kapena 15 imatuluka yoyera. Masabata atatu kapena anayi kuchokera tsiku lophika, lager ali pa mpopi ndipo anthu amamwa osadandaula. Thanki ikakhala ndi mowa umodzi mwezi ndi theka, ndi ndalama zimene zagona. Achimwene a ku Dedza alinso ndi bizinesi.

Za wowotcherera uja, pepani, geti ndi thanki ya mowa ndi ntchito ziwiri zosiyana. Funsani ngati ali ndi makina a TIG owotcherera stainless ndiponso ngati amadzaza mpweya wa argon m'kati powotcherera. Akapanda kutero msoko wa m'kati umatuluka wakuda, wokakala, ndipo mowa uliwonse wolowamo udzasasa. Funsaninso ngati angaiyese presha ndi madzi, komanso ngati aikapo valavu yotulutsa presha ikachuluka ndi ina yolowetsa mpweya thanki ikamayamwa.

Yachiwiriyi anthu amaiiwala. Ndinaonapo thanki pa malo ena amene ndinkagwirako kale itakwinyika ngati chitini cha zakumwa chopondedwa ndi phazi. Anaitsuka ndi caustic soda mpweya wa mowa ukadali m'kati, zitseko zonse zili zotseka. Caustic amameza mpweya umenewo, m'kati munatsala mopanda kanthu, ndipo mphepo ya kunja inaifinya kamodzi n'kamodzi. Madzi ozizira othiridwa mu thanki yotentha yotseka amachitanso chimodzimodzi.

WaKuDedza:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Mayi a ku Thyolo, Loweruka ndipita ndi tochi ndipo ndikawauza athiremo madzi. Ya ku Mchesi ndaiimika kaye, ndinamuimbira ndipo akuti argon alibe.

Ndiye ndikuona chonchi: thanki ya mkaka ikhale yowiritsira ngati ili bwino, kenako makegi mu firiji yogona. Bambo MadalaWopuma, ndifunsenso ziwiri. Pochotsa mowa mu thanki kupita m'makegi, ndichite bwanji kuti usawonongeke, poti ale ndimangotsitsa ndi paipi m'chigubu chotsegula? Ndipo pa nkhani ya masabata, pakati pa inu ndi achimwene a ku Cape, nditsatire ziti? Firiji imodzi ikagwira makegi atatu mwezi ndi theka, pa bala padzakhala pouma.

MadalaWopuma:

Achimwene a ku Cape sananame, makampani akuluakulu ambiri masiku ano amathamanga kuposanso pamenepo. Koma iwo ali ndi zimene inu mulibe: thanki yotulutsa yisiti pansi, glycol yosunga 0 usana ndi usiku, ndipo ambiri ali ndi sefa kapena mankhwala otsitsa nsenga. Inu sefa yanu ndi nthawi. Komanso makasitomala anu dandaulo lawo ndi loti mowa ndi wambuu. Mukawapatsa lager woyamba ali ndi kautsi m'kati, sadzakupatsaninso mpata wachiwiri. Ndiye woyambayu mupatseni masabata ake onse. Kegi imodzi muisandutse yolawira, sabata iliyonse mutunge theka la tambula, muunike ndi tochi, mulembe m'buku. Mukadzaona kuti mowa wanu, ndi chimera chanu ndi madzi a ku Dedza, umayera pa sabata yachitatu ndipo yachisanu siwonjezerapo kanthu, mudzafupikitse mukudziwa chifukwa chake. Pa bala pasaume, ale apitirire, ndiye adzagula firiji yachiwiri.

Pothira m'makegi, mdani ndi mphepo imene tikupumayi. Mowa ukapsa, oxygen pang'ono pokha amausandutsa wa fungo la katoni yonyowa pakangopita masabata ochepa, ndipo lager alibe pobisa chilema ngati ale wakuda. Mukufunika silinda ya CO2 ya zakumwa, mpweya womwe uja wa m'mowa, ndi regulator yake yoikira presha. Kegi mukaitsuka, idzazeni mpaka pakamwa ndi madzi a mankhwala ophera tizilombo, a peracetic acid osafuna kutsukuluza aja, mutseke, ndipo madziwo muwatulutse powakankha ndi CO2 kupita mu kegi yotsatira. Ikatha, m'kati mwatsala CO2 yekhayekha. Mowa ulowere pa paipi yofika pansi pa kegi, pang'onopang'ono, mpweya ukutulukira pamwamba. Thanki ikhale pamalo okwera kuti mowa uzitsika wokha. Tsiku limodzi kapena awiri musanathire, tsitsani thankiyo kufika pa 5 kapena 6 kuti yisiti yambiri itsalire mmenemo, ndipo oyamba kutuluka pa mpopi, amatope aja, muwataye kapena musunge m'botolo loyera ngati mbewu ya mowa wotsatira. Musadikire masiku ambiri mowa utapsa, chifukwa chivundikiro chija sichitseka, ndipo kuwira kukatha palibenso mpweya wotuluka woti uzikankha mphepo.

Makegi akafika pa digiri imodzi, ikani regulator pa 0.7 bar n'kuisiya. Pakatha sabata ndi theka kapena awiri mpweya udzakhala wakwana, wofanana ndi wa m'botolo limene makasitomala anu anazolowera. Kegi ikaima pamalo pake musaisunthenso. Tambula yoyamba kutunga idzakhala yamatope chifukwa paipi imayamwa pansi, yachiwiri kapena yachitatu ndiyo idzakuuzeni zoona. Ngati muyenera kuinyamula kupita ku bala, samutsirani mowa woyerawo mu kegi ina yokonzedwa mwa njira yomwe ija, nsenga zitsale.

Chinanso, ndipo ichi muwauze anyamata anu onse. CO2 ndi wolemera kuposa mphepo, amadikha pansi, saoneka. M'firiji yogona muli silinda kapena kegi yotaya mpweya musazike mutu mpaka pansi. Mu thanki yongochotsamo mowa munthu asaweramiremo kuti atsuke isanapitidwe mphepo. Mukadzakumba chipinda chapansi chija, chowiritsira chisalowemo popanda fani yokoka mpweya kuchokera pansi kupita kunja, ndipo musadalire kandulo ngati mboni, chifukwa munthu amayamba kuvulala kandulo ikadali kuyaka.

Mukaphika, muzilemba hydrometer ndi madigiri m'mawa uliwonse n'kuika manambalawo pano, tidzakuuzani tsiku loti mulekere kuziziritsa.